Simusamuka, Amayi

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ndine Elube, mwana wanu woyamba. Ndati ndikulembereni lero chifukwa mtima wanga wakhala pansi, ndipo kwa miyezi ingapo unali m'mwamba. Ndikudziwa kuti kuwerenga simunkadziwa, ndipo munkandiseka ndikamachokera ku sukulu ya ku tchalitchi nditasenza sileti ngati mtsuko. Koma ndikhulupirira kuti kumeneko simungasowe wokuwerengerani.

Ndiyambe ndi za pakhomo. Pakati paja munandisiya napo ndinachira bwino, ndi mwana wamkazi. Tinamutcha Marita, dzina lanu la ubatizo. Tsopano akuyenda chogwira zipupa. Mphuno ndi yanu, ukalinso ndi wanu. Akakana phala amatseka pakamwa n'kuyang'ana kumbali monga munkachitira inu munthu akakuuzani zopanda mutu. Mkulu wake Yona wayamba sukulu, koma amakonda kwambiri kuthamangitsa ziwala kusiyana ndi kukhala pa benchi. Bambo awo, a Mateyu, ali bwino, kungoti chifuwa chimawavuta nthawi ya chiperoni.

Chimanga chaka chino sichinachite bwino. Dzombe linadutsa ngaiyaye zisanatuluke, linatisiyira mapesi. Chimene chatipulumutsa ndi chinangwa chanu chija cha kuseri kwa nyumba, nandolo, ndi kalongonda amene wayanga mpaka pa mtengo wa mango. Mbuzi yanu yamawanga inaswa mapasa. Ikadali ndi khalidwe lake lomwe lija. Tsiku lina inalowa m'tiyi wa esiteti, ndipo ndinachita kuipempha kwa kapitawo mogwada. Nyumba yanu sitinaigwetse. Denga linagwa mbali imodzi ndi mvula, a Mateyu anafoleranso, chifukwa Isaki amagona mmenemo akabwera ku tchuthi.

Za Isaki yemweyo, mwana wanu wotsiriza, ndi zimene ndikufuna ndikuuzeni bwinobwino. Zikukhudza iye, zikukhudzanso inu.

Mvula itatha, pa esiteti panabwera bwana watsopano. Ameneyu anafuna kudzala tiyi wina pa phiri la kutsidya kwa mtsinje. Tinaona anyamata akukoka tcheni n'kumakhoma zikhomo zopaka laimu. Poyamba sitinasamale, chifukwa zikhomo pa esiteti sizachilendo. Koma mzere wake unachoka pa mabulugamu, n'kukwera, n'kulowa m'msitu wa manda. Chikhomo china anachikhoma kumutu kwenikweni kwa manda anu. Kapitawo anatiuza kuti chilimwe chikafika mitengo idulidwa, zitsa zizulidwa, ndipo malo onsewo alimidwa.

Mlongo wanu, a malume a Muhiwa, amene amayang'anira mandawo, anapita kukafunsa ku ofesi. Anawaimika panja. Yankho linabwera kudzera mwa kapitawo: "Bwana akuti limenelo ndi thengo chabe. Anguru mumabwera n'kumapita, palibe amene akudziwa ogona mmenemo." A malume anabwerako atagwira chipewa m'manja, osachivalanso njira yonse.

Anthu anadandaula, koma chapansipansi. Mukudziwa mmene timakhalira kuno. Malo ndi a mzungu, timalipira ndi thangata, ndipo munthu wolankhulalankhula amapatsidwa notisi yoti asamuke. Mabanja ena a ku Nsabwe anachoka motero, tinawaona akudutsa ndi mphasa pamutu. Akuluakulu ena anayamba kunena kuti tingopempha atilole kufukula mafupa n'kukaika kwina. Ine nditamva zimenezo chakudya chinasiya kulowa. Pothyola tiyi ndinkangoyang'ana ku phiri kuja, mpaka dengu langa linkadzaza ndi masamba okhwima, kapitawo n'kumandikalipira pa sikelo.

Nthawi imeneyo ndi imene Isaki anabwera ku tchuthi kuchokera ku sukulu ya aphunzitsi ya ku mishoni. Watalika, Amayi, waposa a Mateyu. Anabwera ndi mnzake wa m'kalasi, Petro, wa ku Thekerani, amene anati apume kwathu asanapitirire kwawo. Ndinamutenga Isaki mpaka m'mphepete mwa msitu, ndinamulozera chikhomo chija chikuoneka mbee pakati pa mitengo. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Achemwali, ine ndatsala ndi chaka chimodzi. Mzunguyu akangolembera a ku mishoni kuti ndine wovuta, andichotsa. Amayi anathyola tiyi mpaka zala kung'aluka kuti ndifike pamene ndilipa. Kodi iwowo akanakonda kuti ndibwerere kudzasenza dengu?"

Sankanama. Azungu sakonda munthu wakuda wophunzira amene akulankhula za malo. Ine ndinkafuna zonse ziwiri, manda anu ndi sukulu yake, ndipo zinkaoneka ngati chimodzi chiyenera kutayika.

Petro ndi munthu wina. Ndi wamfupi, wa mawu ambiri, wosachedwa kupsa mtima. Iye anati palibe chovuta, angopita kukazula zikhomo zonse n'kuziponya mumtsinje. Tsiku limenelo ndinali kuphika kalongonda panja, iwo atakhala pakhonde panu akukangana. Ndi pamene ndinamva za aphunzitsi awo, a Mlanga. Akuti Loweruka lililonse masana amawasonkhanitsa ophunzira n'kumakambirana za dziko: za msonkho, za misewu, za mmene munthu angafikitsire dandaulo ku boma. Potsekera sukulu anawauza kuti akapita kwawo asakakhale alendo, akamve chimene chikuwawa anthu. Isaki anati zimenezo ndi zokamba za m'kalasi basi. Petro anati, "Ndiye Loweruka lonse lija tinkangotenthetsa mabenchi? Amayi ako akufuna kuwalima, iwe ukuwerenga buku."

Ndinaona kuti agwirana malaya. Ndinawauza mawu anu aja, akuti kalongonda safuna wothamanga. Ndinamuonetsa Petro madzi akuda amene ndinali kutaya, n'kumuuza kuti ukatsanulira kamodzi kokha n'kudya, uledzera n'kugwa, koma ukaopanso kuyatsa moto ugona ndi njala. Petro anaseka. Isaki sanaseke. Analowa m'nyumba mwanu, anakhalamo ndithu, ndipo atatuluka anandifunsa kumene a malume anali. Anati akufuna kudziwa kuti m'manda muja mwagona ndani ndi ndani.

Kuyambira pamenepo anyamata aja sanakhalenso pansi. Petro sanapitenso kwawo. Anatumiza mawu kwa anzawo ena amene anali pa tchuthi ku Khonjeni ndi ku Nsabwe, ndipo anabwera angapo. Pakati pawo panali mtsikana mmodzi, Lide, amene akuphunzira za uzamba ku chipatala cha mishoni. Anagawana midzi n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kufunsa amene ali ndi abale m'msitu muja, ndi chimene akufuna kuti chichitike.

Musaganize kuti anthu anawalandira ndi manja awiri. Ambiri anati ana a sukulu atumidwa ndi azungu kudzatola mayina a osalipira msonkho. Ena ankangolowa m'nyumba akawaona. Mnzanu uja wa ku mtsinje, mai a Rabeka, anamuuza Isaki kuti salankhula naye pokhapokha awapatse moni m'Chilomwe. Mukudziwa mmene Chilomwe chake chinathawira kusukulu. Anayesa, lilime linamugwira, amayi onse amene anali kusinja anafa nazo zoseka. Iye anaima pomwepo thukuta lili kamukamu, osachoka. Atatopa kuseka, mai a Rabeka anamuyalira mphasa, n'kumutchulira ana awo onse amene anawaika kumeneko. Isaki atabwerako anandiuza kuti sankadziwa kuti mayi amene aja anataya ana ochuluka chotero, chonsecho anakulira pakhomo pawo.

Anapezanso zimene ife sitinkazilabadira. Manda aja ndi akale kuposa ife. Amang'anja ankaikamo anthu awo ife tisanawoloke malire. Asilamu a ku Khonjeni ali ndi ngodya yawo kumtunda, ndipo Che Bwanali, telala uja amasokera pakhonde pa sitolo, bambo ake agona kumeneko. Atamva za zikhomo anaimitsa makina, n'kunena kuti akafuna kupita ku boma amuuze, apita nawo.

Ku boma anapitadi. Anamva kuti Bwana Disi, mzungu wamkulu wa boma kuno, akhala akuyendera dera la Khonjeni, ndipo kuti anthu angathe kupempha kuti awamve. Petro anafuna kuti ophunzira okha ndiwo akalankhule, poti amadziwa Chingerezi. Isaki anakana. Anati mandawo eni ake ndi akuluakulu, iwo akangokhala pakamwa pawo. Choncho anatsogoza a malume, a nyakwawa athu ndi Che Bwanali, iye ndi Lide ali pambuyo. Anapita wapansi, anakhala padzuwa mpaka masana, ndipo anabwerako ndi mawu akuti Bwana Disi adzafika yekha kudzaona malowo, Loweruka masana. Ine sindinasangalale. Ndinati tsopano dzina la Isaki lalowa m'makutu mwa azungu.

Nzeru ya tsiku limenelo anaitulutsa ndi Lide. Tinali titakhala pabwalo pa a malume, iye n'kunena chapansipansi kuti, "Bwana wa esiteti wanena kuti palibe amene akudziwa ogona mmenemo. Bwanji Bwana Disi akatipeze tili momwemo, aliyense pa wake?" Akuluakulu anagwedeza mitu kukana. Kumanda sikolowa mwachisawawa, popanda maliro, amayi ndi ana omwe. Anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Kenako a malume anati, "Kodi chaka chino manda talambula?" Tinali tisanalambule, chifukwa cha mantha omwewo. Anati ndiye tilambula Loweruka limenelo, ndipo palibe mwambo umene waphwanyidwa. Isaki anawonjezera kuti aliyense ayambe wamaliza ntchito yake ya pa esiteti n'kuyezetsa masamba, pasapezeke wojomba ngakhale mmodzi, pasapezekenso wokhudza chikhomo. Ponena zimenezi anali kumuyang'ana Petro.

Loweruka m'mawa kunali chiperoni, tinathyola tiyi tikunjenjemera. Pofika masana kunayera. Ndinathamangira kunyumba, ndinabereka Marita, ndinatenga khasu. Pokwera phiri ndinali ndi nkhawa kuti mwina tikapezeka ochepa, anthu aopa. Koma nditawoloka mtsinje ndinamva makasu akulira m'msitu monse. Anabwera a m'midzi yonse, Amayi. Ena sindinawaonepo chibadwire. Nkhalamba zina anachita kuzinyamula.

Galimoto itaima kumsewu, tinaona Bwana Disi akukwera ndi amesenjala ake, bwana wa esiteti ali pambali pake. A malume anakweza dzanja. Tonse tinaika makasu pansi, banja lililonse n'kukaima pa manda a abale ake. Panali mitumbira ina yakale, yotitimira, imene eni ake anasamuka kapena anatha. Pamenepo panaima ophunzira aja, mmodzi mmodzi. Petro anaima pa manda a munthu amene sanamudziwepo, manja kumbuyo, chete kwa nthawi yoyamba chifikire. Panalibe woimba, panalibe wokuwa. Munkangomveka ana kutsokomola ndi mbalame m'mitengo.

Bwana Disi atafika m'mphepete anaima. Anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi, kenako anavula chipewa. Anayamba kuyenda pakati pa mitumbira akufunsa mayina, Isaki ali pambuyo pake kumasulira. Mai a Rabeka anatchula ana awo mmodzi mmodzi, osafulumira, ndipo mzunguyo anawadikira mpaka anamaliza.

Anafika pa ine. Ndinali nditaima pakati pa inu ndi abambo, chikhomo chija chili pafupi ndi phazi langa. Isaki anati, "Achemwali, akufunsa kuti agona apa ndani." Pakamwa panatseguka pokha. Ndinatchula abambo. Kenako ndinatchula inu, dzina la ubatizo, ndi dzina lanu lija la kwanu limene ankakuitanani nalo a malume okha. Ndinati munachokera kwa Apwitikizi wapansi, kuthawa ntchito ya chikwapu, ine ndikuyenda pambuyo panu, ndipo uyu akumasulirayu anali kumsana. Ndinati tiyi wa kumunsiyu munayamba kumuthyola akadali wofika m'mawondo. Isaki anayamba kumasulira, mawu anamuthera pakati. Anayambiranso, n'kumaliza.

Ndikanalekera pomwepo. Koma ndinakumbukira zimene munanena tsiku limene tinaika abambo, tikutsika phiri lomweli, inu mutafunda nsalu kumutu. Munati mlendo amene waika maliro sakhalanso mlendo. Ndinanena mawu amenewo. Isaki anandiyang'ana, ndipo ndinaona mantha m'maso mwake, chifukwa bwana wa esiteti anali pomwepo akumva. Ndinaganiza kuti awameza. Sanawameze. Anawanena m'Chingerezi, mokweza, mpaka nkhope ya bwana uja inafiira ngati tsabola. Bwana Disi anayang'ana chikhomo, anayang'ana Marita kumsana kwanga, n'kupitirira.

Tsiku limenelo sitinapatsidwe yankho. Azungu anatsika akulankhulana okhaokha, ife tinamaliza kulambula. Tchuthi chinatha, Isaki ndi anzake anabwerera kusukulu, zikhomo zili momwemo. Masabata amenewo ndiwo anali owawa kuposa onse. Anthu ena anayamba kunena kuti ana a sukulu atiputira mavu n'kuthawa. Ine ndikamva nkhwangwa ikulira kulikonse, ndinkaima n'kuyang'ana ku phiri kuja.

Kenako mesenjala anabwera kwa a nyakwawa ndi mawu a ku boma, akuti msitu wa manda usakhudzidwe. Mawa lake anyamata omwe aja anakhoma zikhomo anabwera kudzazizula. Ndinaima pa mtsinje ndikuwaona akutsika nazo mitolo pamutu ngati nkhuni. Ndinakhala pansi pa mwala n'kulira, kulira kumene sindinalire ngakhale pa maliro anu. Simusamuka, Amayi. Mitengo yonse ilipo, mkuyu uja wa kumapazi kwanu ulipo.

Sindikubisirani, zinatidyera zina. Mzere watsopano unadutsa kumunsi, ndipo unatenga madimba a m'mbali mwa mtsinje, lathu lomwe, muja munkadzala mpiru ndi nzimbe. A Mateyu anawachotsa ku fakitale n'kuwatumiza kokatchetcha m'ngalande, popanda kuwauza chifukwa. Iwo akuti palibe kanthu, fumbi la tiyi linkawawonjezera chifuwa. Ndikudziwa kuti akungonditonthoza, koma ndawathokoza.

Chimene ndinkaopa chija chinachitikadi. Bwana wa esiteti analembera a ku mishoni, ndipo Isaki anaitanidwa ku ofesi ya mkulu wa sukulu. Akuti ali chiimire mmenemo, a Mlanga anagogoda n'kulowa osaitanidwa. Anati, "Anawa ndinawatuma ndine. Sanathyole kanthu, sanajombetse munthu ntchito, anadzera pakhomo la boma masana dzuwa likuswa mtengo. Ngati pali wolakwa, yambani ndi ine." Mkulu wa sukuluyo anakalipa ndithu, n'kumupatsa Isaki chilango cholima m'munda wa sukulu mpaka mvula itagwa. Koma sanamuchotse. Uthenga umenewu wandipeza sabata yathayi, ndipo usiku wake ndinagona tulo ngati mwana. Chaka chamawa mwana wanu akhala mphunzitsi. Khasu silimupha, analigwira asanagwire pensulo.

Ophunzira aja agwirizana kuti tchuthi chilichonse azikumana ku Khonjeni ndi aliyense wofuna kubwera. Akuti nkhani yotsatira ndi ya mtengo uja timawolokerapo mtsinje, umene umaterera nthawi ya mvula, paja mpongozi wa a malume anagwerapo ndi dengu. Akufuna kuti midzi ipereke anthu, esiteti ipereke mabulugamu. Kaya zitheka, sindikudziwa. Anthu tsopano akuwakhulupirira mopitirira. Ngakhale asanabwerere kusukulu paja, bambo wina anabwera kudzamuuza Isaki kuti mkazi wake wathawira kwa makolo ake, amulembere ku boma. Isaki anamuuza kuti imeneyo ndi ya ankhoswe, Bwana Disi alibe nayo ntchito. Ine ndanena kuti ku misonkhanoko ndizipita, ndipo amayi ena a pa mzere wathu wothyola tiyi akuti tizipita limodzi. Pakamwa panatseguka kale, sipangatsekekenso.

Pali kanthu kena kamene ndikunong'onezeni. Lide amabwera kuno akapeza mpata, akuti kudzaona chifuwa cha Marita. Chifuwacho chinatha kalekale. Akafika amasesa pakhonde pa nyumba yanu, n'kufunsa ngati kwabwera uthenga wochokera kusukulu. Ndi mwana waulemu, wodziwa kugwira khasu, ndipo mukanamukonda, ngakhale mukanayamba mwamupezera chifukwa monga mwa chizolowezi chanu. A malume aona kale, akungodikira kuti Isaki atsegule pakamwa.

Titalambula tsiku lija ndinaona kuti kumanzere kwanu kwatsala malo abwino, osalala, okwanira munthu mmodzi. Ndawauza a malume kuti amenewo ndi anga, asapatse wina. Ndikulonjezani kuti ndidzabwera kudzagona pomwepo, pafupi nanu, tidzamalize nkhani zonse zimene pepala silingakwane. Koma musandiyembekezere msanga. Ndiyambe ndalera zidzukulu zanuzi, ndimuone Isaki ataima kutsogolo kwa kalasi yake, ndiwolokenso mtsinje uja pa mlatho. Mupereke moni kwa abambo.

Ndine mwana wanu wokukondani masiku onse,
Elube